Timadontho Tiwiri pa Mapu

1

Pa kampani yathu ankanditchula kuti a Makiyi. Dzinali linabwera chifukwa chilichonse chokhomedwa chinkatsekulidwa ndi ine: maimelo a antchito onse makumi anayi, malaputopu, mafoni a kampani, mpaka chitseko cha chipinda cha maseva, makompyuta aakulu osunga zonse za kampani, chimene chinkazizira ngati mochale. Munthu akaiwala pasiwedi yake Lolemba m'mawa, ankabwera pa desiki yanga manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu amene wachedwa.

"A Makiyi, ndithandizeni, mutu wanga wakalamba."

Ndinkaseka, n'kumutsekulira. Anthu ankandikhulupirira kuposa abusa awo.

Papita chaka tsopano chichokereni pa desiki imeneyo, ndipo sindinachoke mwa kufuna kwanga. Anzanga akuntchito amadziwa theka la nkhaniyi. Theka linalo ndi limene lakhala likundidya, n'chifukwa chake ndaganiza zolilemba.

Ofesi yathu inali pa nsanjika yachinayi, m'nyumba ya magalasi okhaokha. Tinkapanga pulogalamu ya pakompyuta yothandiza masitolo a mankhwala kudziwa mankhwala amene atsala pang'ono kutha ndi amene masiku ake apitirira. Mkazi wanga ankagwiranso ntchito pomwepo. Iye ndi amene ankayenda m'masitolomo kuphunzitsa anthu kagwiritsidwe ntchito kake, moti aliyense ankangomuti Aphunzitsi.

Tinali titakhala m'banja zaka zisanu ndi zinayi opanda mwana. Achemwali anga aakulu akabwera kudzationa, ankasuzumira m'zipinda ngati akufuna kugula nyumbayo, kenako n'kuusa moyo. "Mlamu, nyumba yaukhondo chonchi imaopsatu." Mkazi wanga ankameza mawu amenewo pamodzi ndi mapiritsi a kwa dokotala. Ine ndinkangokhala duu, maso ali pa foni.

Kawiri pa mwezi mkazi wanga ankapita ku nthambi yathu ya mumzinda wina, ulendo wa maola asanu pa galimoto. Ankanyamuka Lachitatu, n'kubwerako Lachisanu. Ankapita ndi mnzanga amene ankaika makompyuta m'masitolo, munthu wamtali wowonda amene tinkamutchula kuti Nsungwi. Ine ndi Nsungwi tinayamba ntchito mwezi umodzi. Ankanditi achimwene, mkazi wanga ankamuti mlamu.

Ine ku nthambi imeneyo sindinkapitako. Ulendo ukandigwera, ndinkapeza chifukwa n'kutumiza wina. Palibe amene anandifunsapo.

2

Zinayamba Lachinayi lina masana. Mtsikana wina wa ku malonda anabwera akulira kuti wataya foni ya kampani. Mafoni athu onse tinawaika kapulogalamu koonetsa kumene ali, choncho ndinatsekula mapu pa kompyuta yanga. Foni yake ndinaipeza msanga, inali mu galimoto yake yomwe. Anapita akuseka ndi manyazi.

Ndinayenera kutseka mapuwo. M'malo mwake ndinawakokera ku mzinda wa nthambi, kungofuna kuona kadontho koonetsa foni ya mkazi wanga. Ndinganene kuti ndinamusowa chabe.

Kadonthoko sikanali ku ofesi ya nthambi. Sikanali ku hotela, sikanalinso pa sitolo iliyonse ya mankhwala. Kanali kunja kwa mzinda, kuseri kwa njanji, pakati pa tinyumba tothithikana. Pambali pake penipeni panali kadontho kena. Ndinakadina. Kanali ka Nsungwi.

Ndinayang'ana nthawi: 3 koloko. Ndinapita kukatunga madzi akumwa, ndinabwerera, timadontho tija tili pomwepo. Ndinakonza pulinta ya abwana, ndinabwerera, tili pomwepo. Itakwana 4 koloko ndinaimba.

"Mayi, muli kuti?"

Kumbuyo kwake kunalibe phokoso la ofesi, ndinangomva chitseko chikutsekedwa.

"Tili ku nthambi, tikumalizitsa maphunziro. Kwagwanji, bambo?"

"Palibe. Ndimangokufunirani zabwino."

Pa zaka zisanu ndi zinayi ndinali ndisanamugwirepo bodza ngakhale limodzi. Ndinaika foni pansi. Timadontho tija tinachoka pa nyumbayo 5 koloko, limodzi.

3

Patatha milungu iwiri zinachitikanso. Nyumba yomweyo, tsiku lomwelo, maola awiri omwewo. Kenako zinachitikanso.

Ndinasanduka munthu wina. Ndikafika kuntchito, ndisanavule n'jekete lomwe, ndinkatsekula mapu. Mkazi wanga akalowa m'chipinda cha misonkhano, mamita khumi okha kuchokera pamene ndinakhala, ndinkamuyang'ana pa sikirini m'malo modzutsa mutu.

Kunyumba nayenso anali atasintha. Anasiya kupita kwa dokotala. Ulendo ukayandikira ankalongedza chikwama akuimba chapansipansi, ndipo ankawonjezera kathumba kena kamene sankandionetsa. Nthawi zina tikudya ndinkapeza akundiyang'anitsitsa, makamaka pamphumi ndi m'makutu, ngati akundiyerekeza ndi munthu wina.

Tsiku lina madzulo tikutsuka mbale anafunsa ali chondifulatira.

"Bambo, pa zaka zonsezi, pali chimene simunandiuzepo?"

"Ngati chiyani?"

"Chilichonse. Chimene mukuona kuti ndiyenera kudziwa."

"Ine ndilibe. Kapena inuyo muli nacho?"

Anapukuta manja ake pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. "Ndamva," anatero, n'kutuluka.

Mumtima ndinati munthu wolakwa ndi amene amayamba kufunsa. M'mawa mwake ndinachita chinthu chimene ndinasainira kuti sindidzachita: ndinatsekula mauthenga ake a pa kompyuta ya kampani. Ambiri anali a ntchito. Koma panali umodzi wochokera kwa Nsungwi.

"Mlamu, zimenezi tizibisa mpaka liti? Ine ndikakumana ndi achimwene m'khonde ndikumasowa poyang'ana."

Mkazi wanga anayankha kuti: "Pirirani pang'ono. Sindinakonzeke."

Ndinawerenga kasanu. Ndikudzutsa mutu, Nsungwi anali ataima pakhomo ndi makapu awiri a tiyi.

"Achimwene, mwaonda bwanji masiku ano? Imwani aka."

Ndinalandira, ndinathokoza, ndinamwa mpaka kumaliza.

4

Sindinafunse mkazi wanga. Sindinafunse Nsungwi. Kufunsa kunkafuna kulimba mtima, ndipo ine ndinali ndi njira yosavuta.

Lolemba lina pa nthawi ya chakudya chamasana ndinakhala mu galimoto yanga pamalo oimikapo magalimoto, mawindo ali otseka. Ndinatsekula imelo yatsopano yopanda dzina. Ndinaikamo zithunzi zisanu ndi chimodzi za mapu aja, chilichonse ndi tsiku lake ndi nthawi yake. Pamwamba ndinalemba mzere umodzi: "Funsani amuna anu kuti Lachinayi masana amaphunzitsidwa chiyani m'nyumba iyi." Ndinatumiza kwa mkazi wa Nsungwi, ndipo ndinawonjezerapo abwana athu.

Nditadina, mtima unapepuka kwa mphindi ngati ziwiri. Kenako ndinabwerera pa desiki yanga.

M'mawa mwake cha m'ma 10 koloko lifiti inatseguka, ndipo mkazi wa Nsungwi anatulukamo atanyamula mapepala. Mayi ameneyu ndinkamudziwa, namwino wofatsa amene ankatiphikira tikapita kwawo. Tsiku limenelo anali atavala yunifolomu mabatani atasemphana.

"Ali kuti Aphunzitsi?" anafuula. "Atuluke andiphunzitse nanenso!"

Anthu onse mu ofesi anadzutsa mitu. Mkazi wanga anatuluka m'chipinda cha misonkhano cholembera chili m'manja. Mayi uja anamuponyera mapepala aja kumaso, ndipo asanagwe onse pansi, khofi linalira patsaya. Nsungwi anathamanga n'kugwira mkono wa mkazi wake.

"Mayi, si zimene mukuganiza!"

"Ndiye n'ziti? Nenani pano, anthu amve! M'nyumba imeneyi mumakatani?"

Nsungwi anatsekula pakamwa, n'kuyang'ana mkazi wanga. Mkazi wanga anapukusa mutu pang'ono chabe. Nsungwi anatseka pakamwa.

"Mwaona?" mayi uja anatembenukira kwa ife tonse, misozi ili chuchuchu. "Mpaka pakamwa pake pali ndi mwini wake."

Mkazi wanga anawerama, natola pepala limodzi, naliyang'ana nthawi yaitali. Kenako anadzutsa maso. Sanayang'ane mayi amene anamumenya, sanayang'ane abwana amene anali ataima pakhomo la ofesi yawo. Anayang'ana kupyola magalasi awiri mpaka pa desiki yanga. Ine ndinali nditagwira mawaya amene sankafuna kukonzedwa.

5

Abwana athu anali bambo wachikulire wosakweza mawu. Anandiitana masana omwewo.

"A Makiyi, pepani ndi zimene zakugwerani. Awiriwo ndawauza kuti ayambe akhala kunyumba mpaka tione bwino. Koma pali china chimene chikundivuta kuposa pamenepo." Anatembenuza laputopu yawo kuti ndione. "Zithunzi izi zachokera m'makina athu. Munthu wina muno akuzonda anzake. Makasitomala akamva, tatha."

"Ndifufuza, bwana."

"Ayi. Inu nkhaniyi yakukhudzani kwambiri. Ndaitana katswiri wa kunja, abwera mawa. Mumupatse mapasiwedi onse."

Ndinavomera ndi mutu.

"Chinanso," anapitiriza, "intaneti ya ku nthambi yafa kuyambira m'mawa. Nsungwi kulibe. Mupite ndinu Lachinayi. Mphepo ya kunja ikuthandizani."

Katswiri uja anafika mawa lake. Anali mayi wamfupi wa magalasi okhuthala, wonyamula botolo lake la madzi. Sanafune tiyi, sanafune nkhani. Anakhala m'chipinda cha maseva chozizira chija atavala juzi, ndipo nditamupatsa mapasiwedi anangoti, "Zikomo. Makina saiwala, bambo, ntchito yanga ndi kungowafunsa bwinobwino."

Nditafika kunyumba dzuwa lisanalowe, ndinapeza mkazi wanga atakhala pabalaza, tsaya lidakali lotupa. Chikwama changa chaulendo chinali pampando, malaya atasitidwa kale.

"Ndamva kuti mukupita ku nthambi," anatero.

"Mayi, za dzulo zija..."

"Musavutike. Pa kampani yonse ija amene angaone mapu amenewo ndi anthu atatu, ndipo awiriwo alibe nane ntchito." Mawu ake anali osalala ngati akuphunzitsa kalasi. "Mukamaliza ntchito yanu, mukapite ku nyumba ija. Njira mukuidziwa kale kuposa ine. Mukagogode."

"Ndikapezako chiyani?"

"Mukagogode, bambo."

6

Tinanyamuka m'mamawa ndi adalaivala a kampani, bambo okonda nkhani amene tsiku limenelo anangoyatsa wailesi. Nkhani inali itafika kale mpaka kwa alonda a pageti. Msewu wonse ndinkaona zinthu zimene ndinkaganiza kuti ndinaziiwala: mlatho wopapatiza, fakitale ya denga lofiira, malo omwetsera mafuta pamene magalimoto onse amapumira. Tikuyandikira mzindawo, malaya anali atanyowa kumsana ngakhale kuti mu galimoto munkazizira.

Ku nthambi vuto linali laling'ono, kabokosi ka intaneti kanali katapsa. Ndinasintha pa ola limodzi. Pa tebulo lolandirira alendo panali mayi wachilendo. Tebulolo linali lomwe lija, lokhala ndi ngodya yobenthuka. Ndinayesetsa kusaliyang'ana.

Ndikutuluka, mayi wina wokalamba wosesa anaimika tsache lake.

"Kodi si a Makiyi awa? Mwasowatu. Zaka zisanu ndi ziwiri!"

"Ntchito, amayi."

"Eya, ntchito," anatero osamwetulira, ndipo anandiperekeza ndi maso mpaka pageti.

Adalaivala ndinawasiya ku hotela. Ndinakwera takisi mpaka pa njanji, kwinako ndinayenda pansi. Chifukwa cha mapu aja, tinjira take ndinkatidziwa ngati ndinabadwira komweko, chikhalirecho ndinali ndisanapondeko. Nyumbayo inali ya njerwa zosapaka, ya chitseko chobiriwira. Pa chingwe panali zovala za mwana. Ndinaima kaye. Nyumba ya chibwenzi imene ndinaimanga m'mutu mwanga inalibe zovala za mwana.

Ndinagogoda.

Anatsekula mayi wina wa msinkhu wanga, tepi yoyezera zovala ili m'khosi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope yake n'kuuma.

"Mwabwera," anatero. "Lowani."

"Mukundidziwa?"

"Nkhope imeneyo ndimaisambitsa tsiku ndi tsiku."

M'katimo munali makina osokera, mipando iwiri ndi kabati. Pansi pa windo panali kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi kakujambula ndi makrayoni. Kanadzutsa mutu n'kuyang'ana kumbuyo kwanga.

"Anti a Lachinayi sanabwere?"

Mphumi yotakata. Makutu otuluka ngati zogwirira kapu, amene anzanga ankandiseka nawo kusukulu. Ndinagwira mpando. Pamwamba pa kabati panali chithunzi cha mtsikana wovala malaya a kampani yathu, akumwetulira pa tebulo la ngodya yobenthuka lija. Chithunzicho chinali chozunguliridwa ndi kansalu kakuda.

7

Apa ndiyenera kunena chimene ndakubisirani kuyambira poyamba, monga ndinabisira aliyense.

Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, nthambi ija ikutsegulidwa, ine ndi Nsungwi tinatumidwa kukaika makompyuta. Tinakhalako milungu itatu. Mtsikana wa pa chithunzi uja ndi amene ankalandira alendo. Ankatibweretsera madzi tikamakoka mawaya kudenga, ndipo ankaseka nthabwala zanga zonse, ngakhale zosaseketsa. Mphete yaukwati ndinaivula tsiku lachitatu. Nsungwi anaona, anandichenjeza kamodzi, ndinamuuza kuti asamale zake.

Nditabwerera kwathu, patatha miyezi iwiri, mtsikanayo anandilembera imelo kuti ndi woyembekezera. Ndinaiwerenga nditakhala pa desiki yanga, mkazi wanga ali chapafupi akukonza mapepala a maphunziro. Sindinayankhe. Nambala yake ndinaitseka pa foni. Kenako ndinalowa m'makina a kampani n'kuika lamulo lakuti kalata iliyonse yochokera kwa iye, kaya ikupita kwa ine, kwa abwana kapena kwa wina aliyense, isafike. Zinanditengera mphindi zosakwana zitatu. Patapita nthawi ndinamva kuti anasiya ntchito. Ndinadziuza kuti mwina mimbayo sinali yanga, mwina kunalibe mimba n'komwe. Ndinadziuza kambirimbiri mpaka ndinayamba kugona tulo tabwino.

Mayi wa tepi uja anali mkulu wake wa mtsikanayo. Anatuma mwanayo kukasewera kuseri, n'kukhala moyang'anana nane.

"Mng'ono wanga anamwalira miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Impso. Anadwala chaka chathunthu." Ankalankhula akupinda kansalu, kukapindula, kukapindanso. "Ankakulemberani mpaka ali m'chipatala. Ine ndinkamuuza kuti pita komweko ukamuchititse manyazi. Iye ankakana, amati ali ndi banja, tisamugwetsere nyumba. Titaika maliro ndinapita ku nthambi kuja ndi mwanayu kukafunsa munthu wotchedwa Makiyi. Ndinapeza bambo wamtali uja. Atangoona mwanayu anagwira pakamwa. Pambali pake panali mayi wina amene anafunsa kuti mukuwafuniranji amuna anga."

"Ndiye anatani?" ndinafunsa.

"Anakhala pansi, pasimenti pomwepo. Ine ndinkadikira kutukwanidwa. Atadzuka anafunsa mwanayu ngati wadya." Anaika kansalu kaja pansi. "Chiyambire tsiku limenelo amabwera ulendo uliwonse. Amamuphunzitsa kuwerenga, amamuluka tsitsi. Bambo wamtaliyo amangowaperekeza chifukwa kuno si koyenda mayi yekha wachilendo. Amakhala panja apo pa njerwa, maola awiri, akusewera ndi foni."

"Bwanji sanandiuze?"

"Ndinawafunsa. Anati, ndikufuna ndione ngati amuna anga angandiuze okha. Anati akupatsani mpata." Anandiyang'ana m'maso. "Anakupatsani?"

Kuseri kwa nyumba mwana uja ankaimba nyimbo ya zilembo, ndipo ndinaizindikira. Ndi imene mkazi wanga ankaimba polongedza chikwama.

8

Lolemba m'mawa khadi langa linakana kutsekula chitseko cha ofesi. Mlonda anachita kundiperekeza kwa abwana ngati mlendo.

Mayi wa magalasi uja anali atakhala pambali pawo, mapepala ali pamiyendo. Anawerenga mopanda mkwiyo, ngati akuwerenga za nyengo.

"Pa miyezi itatu, mwayang'ana kumene kuli foni ya akazi anu maulendo 214. Mauthenga awo mwatsekula kasanu ndi kawiri. Zithunzi zisanu ndi chimodzi zija zinajambulidwa pa kompyuta yanu." Anatembenuza pepala. "Ndapezanso china chimene sindinatumidwe. Pali lamulo lakale lotsekereza makalata a munthu mmodzi. Munaganiza kuti ankafufutika. Sankafufutika, ankangosungidwa pena. Alipo 63."

Abwana anavula magalasi awo n'kupukuta m'maso.

"Atatu mwa makalata amenewo ankabwera kwa ine," anatero. "Mwana wa eni ake ankapempha kuti ndimuthandize kulankhula nanu. Anamwalira akuganiza kuti nanenso ndinamunyalanyaza." Anavalanso magalasi aja. "Ndinakupatsani nyumba yonse kuti muilonde, a Makiyi. Siyani laputopu ndi foni pa tebulopo."

Ndikutuluka, mayi uja ananditsatira m'khonde n'kundipatsa envelopu yokhuthala. "Awa ndi anu. Analembera inu."

Ndinawawerengera mu galimoto, pamalo omwe aja ndinatumizira imelo yopanda dzina. Oyambirira anali aukali. Apakati anali ongondiuza nkhani: wabadwa, ndi wamkazi, wamera dzino, wayamba kuyenda, wafunsa za bambo ake. Womaliza unali waufupi kwambiri.

"Sindikudziwa ngati mumawerenga. Madokotala asiya kundiyang'ana m'maso. Sindikupemphani kanthu. Kungoti mwanayu amaopa agalu ndipo sagona nyali itazima. Wina ayenera kudziwa zimenezi ine ndikapita."

9

Kwa Nsungwi ndinapita sabata yomweyo. Ndinafotokoza zonse nditaima pakhonde, mkazi wake akumvetsera manja atapinda pachifuwa. Mayiyo atamva analira, n'kufunsa nambala ya mkazi wanga kuti akapepese. Nsungwi sanandilowetse m'nyumba.

"Ndinakusungirani chinsinsi zaka zisanu ndi ziwiri," anatero. "Mkazi wanga wandichititsa manyazi pamaso pa ofesi yonse, ine osatsekula pakamwa, kuteteza inu. Pitani bwino, bambo."

Sananditchulenso achimwene. Patatha miyezi iwiri anapeza ntchito kwina.

Mkazi wanga ndinamupeza akulongedza mabuku ake m'makatoni. Ndinagwada, ndinanena zonse zimene amuna amanena. Anandisiya mpaka nditamaliza.

"Za mwanayo ndikanakukhululukirani," anatero. "Ndinali nditayamba kale. Tsiku loyamba ndinkafuna kufa, koma kamwanako kanandigwira dzanja, ndipo ndinaganiza kuti mwina tingakatenge, tikhale atatu. Ndinkangodikira kuti mutsekule pakamwa." Anamata katoni ndi tepi. "Zaka zonsezi achemwali anu akundinyoza, inu mukudziwa kuti kwina kuli mwana wanu amene munamutaya. Ndipo mutandikayikira, simunandifunse ngati mkazi wanu. Munandizonda ngati wakuba, n'kunditumizira munthu woti adzandimenye. Ndikakuyang'anani pano sindikudziwa kuti ndinkagona pafupi ndi ndani."

Anabwerera kuntchito, ndipo anthu amene ankamunong'ona anayamba kumupatsa moni ndi manja awiri. Amakhala yekha m'kanyumba ka zipinda ziwiri pafupi ndi ofesi. Ukwati sunathe pa pepala, koma sanandiuzepo kuti ndiyembekeze.

Ine pano ndimakonza makompyuta m'kashopu ka munthu wina. Loweruka lililonse lachiwiri ndimakwera basi ya maola asanu ija. Mwanayo akukhalabe ndi amayi ake aakulu, ndipo ndi bwino choncho. Anauzidwa kuti ndine ndani, koma mawu akuti bambo sanatulukebe pakamwa pake. Amanditi "amuna a anti." Mwezi watha tikujambula limodzi anandifunsa osadzutsa mutu:

"Amayi ankati mukadzawerenga makalata mudzabwera. Ndiye munkachedwa kuphunzira kuwerenga?"

Ndinati eya, ndinkachedwa.

Inu amene mukuwerenga izi, mwina muli pa basi ya ulendo wa kuntchito, mwina muli pa desiki foni ya mnzanu wa m'banja ili pafupi ndipo dzanja likukuyabwani. Sindine woyenera kulangiza munthu. Ndingokuuzani chimene ndinaona mwa ine: ndinakhulupirira msanga kuti mkazi wanga akuyenda njira zamseri chifukwa njira zimenezo ndinaziyendapo ndine. Ndinkafufuza tchimo langa lomwe pa nkhope yake. Tsiku lija pa sinki anandifunsa funso losavuta, atandifulatira dala kuti ndisachite manyazi poyankha. Ndikanangoti, "Mayi, khalani pansi, chilipo." Mawu anayi okha. Ngati kwanu funso limenelo lafunsidwa kale, dziwani kuti wofunsayo mwina yankho ali nalo, akungofuna kulimva kuchokera kwa inu. Kwathu linafunsidwa kamodzi, ndipo silinabwerezedwe.